Kuchoka ku Blantyre Kukafika ku Livingstonia: Kakonzedwe ka Ulendo wa Banja pa Galimoto

Ulendo wa pa galimoto wa masiku angapo, woti banja lione malo komanso lilonjere abale, umayamba ndi kusankha njira. Dziko la Malawi ndi lalitali koma lopapatiza, ndipo pali misewu ikuluikulu iwiri yolowera kumpoto. Msewu wa M1 umadzera kumtunda: Zalewa, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu, Mzuzu mpaka Karonga. Wa M5 umatsata gombe la nyanja kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kenako n'kukwera ku Mzuzu. Banja lochokera ku Blantyre likapita ndi njira ya kunyanja n'kubwerera ndi ya kumtunda, limaona zatsopano popita ndi pobwera pomwe. Ulendo woterewu, wokafika ku Livingstonia n'kubwerako, umaposa makilomita 1,600, ndipo umafuna masiku asanu ndi atatu kapena khumi.

Masikuwo amachuluka chifukwa pamisewu ya kuno chowerengera ndi dzuwa, osati makilomita. Mdima umagwa cha m'ma 6 koloko, ndipo ukangogwa msewu umasanduka wina: njinga za kabaza zopanda nyali, ngolo, mbuzi, anthu ochokera kumsika, ndi malole ofera panjira amene chizindikiro chawo ndi nthambi zoponyedwa pa tala basi. Woyendetsa wanzeru amadzipatsa makilomita osaposa 300 pa tsiku, amanyamuka m'mamawa, ndipo amaonetsetsa kuti pofika 4 koloko madzulo wafika kumene akagone. Maola awiri otsalawo ndi a tayala lophulika kapena mwana wodwala m'mimba.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Nthawi ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri imakokolola milatho ya mumsewu wa kunyanja, ndipo njira zafumbi zolowera m'midzi zimasanduka matope. Mwezi wa Ogasiti umakomera mabanja ambiri chifukwa ana amakhala pa tchuthi, kumudzi anthu akolola ndipo ali ndi mpata wocheza. Komabe miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi ya mwera, mphepo imene imawinditsa nyanja mpaka maboti kulephera kuyenda, ndipo ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa kumazizira moti majuzi ndi mabulangete sasiyidwa. Mu Okutobala kunyanja kumatentha kwambiri, koma ndi pamene nyama zakutchire zimaoneka mosavuta chifukwa zimasonkhana kumadzi.

Galimoto imapita kwa makaniko kutatsala sabata imodzi, osati mawa lake ulendo, kuti ngati yakonzedwa molakwika zidziwike ikadali m'tauni. Zoyang'anitsitsa ndi mabuleki, matayala, oilo, madzi a injini, batire ndi magetsi. Tayala la sipeya liyenera kukhala ndi mpweya, ndipo jeke ndi sipanala yomasulira matayala ziyesedwe pakhomo. Pa marodibuloko apolisi apamsewu amafunsa laisensi, inshuwalansi, COF ndi matrayango, choncho masiku othera mapepalawa awerengedwe mpaka tsiku lobwerera.

Mafuta ndiwo amadya gawo lalikulu la ndalama. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi imafuna malita oposa 130 pa ulendo wonsewu, ndipo ikalemedwa ndi katundu imamwa koposa. Popeza mafuta amasowa nthawi zina, thanki isaloledwe kutsika kupitirira theka. Paliponse pamene apezeka, ndi bwino kumwetsa. Airtel Money ndi TNM Mpamba zimathandiza m'malo ambiri, koma netiweki imathawa m'mapiri, ndipo pamsika wa m'mbali mwa msewu ndalama zing'onozing'ono za m'manja ndizo zimagwira ntchito. Ndalama ya pa zipata zolipiritsa za ku Kalinyeke ndi ku Chingeni, zonse pa M1, iikidwe padera pamodzi ndi yolowera kumalo osungira nyama.

Gawo limene limasokoneza ndondomeko zambiri ndi la abale, ndipo ndi limenenso limafuna kuganiziridwa mozama. Anthu a m'tauni amakonda kulemba kuti kwa agogo akakhala ola limodzi. Kumudzi kulibe kucheza kwa ola limodzi. Alendo akangoti "Odi!", mphasa imayalidwa, ndipo aliyense wa pakhomopo amabwera payekhapayekha kudzagwada n'kupereka moni: "Mwayenda bwanji? Mwasiyako bwanji kunyumba?" Malonje akamatha, mnyamata amakhala akuthamangitsa nkhuku kuseri kwa nkhokwe. Nkhukuyo iphedwe, isosoledwe, ipse, nsima iphikidwe. Maola atatu apita. Kunyamuka mphika uli pamoto ndi chipongwe chimene okalamba amachikumbukira zaka zambiri. Chotero khomo lililonse la wachibale lipatsidwe theka la tsiku, ndipo kwa makolo enieni, usiku umodzi kapena uwiri.

Pamafunikanso kusankha makomo mwachilungamo. Banja likagona kwa akuchimuna n'kungoimika galimoto pamsewu kwa akuchikazi, madandaulo oti "anatidutsa" amafika m'tauni alendowo asanabwerere. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi, alembe apongozi a mbali zonse, amalume ndi azakhali amene ali m'njira, ndipo agwirizane amene angawafikire. Osafikiridwa aimbiridwe foni mwaulemu. Ofikiridwa adziwitsidwe kutatsala masiku angapo, auzidwe tsiku ndi chiwerengero cha anthu, chifukwa banja la anthu asanu ndi mmodzi ndi katundu wolemera pakhomo la zipinda ziwiri. Kunyamula maneti ndi zofunda kumapeputsa eni khomo, ndipo si kunyoza kugona pamalo ogona alendo apafupi, bola nkhaniyo ikambidwe pasadakhale.

Kwa abale sapita chimanjamanja. Shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, buledi ndi chitenje cha agogo zimangidwe m'maphukusi osiyana, lililonse ndi dzina lake, kuopa kuti khomo loyamba lingatenge zonse. Ndalama "ya sopo" imaperekedwa kwa akuluakulu mwakachetechete potsanzikana. Ngati m'mudzimo munagwa maliro amene banjalo silinafikeko, kupepesa ndiyo ntchito yoyamba, macheza pambuyo. Ofuna kukaona manda apemphe kudzera kwa amfumu, makamaka m'midzi ya Achewa kumene kumanda sikulowedwa mwachisawawa. Ulemu womwewo ndi wapamsewu: masamba obiriwira oyalidwa mopingasa msewu amasonyeza kuti pafupi pali maliro, ndipo woyendetsa amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi mpaka atadutsa masamba achiwiri.

Tsiku loyamba likhale lalifupi. Zomba ili pa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, ndipo inali likulu la dziko mpaka 1975. Pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi, dzenje la Chingwe, ndi malo oonerapo chigwa otchedwa Emperor's View pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Kuchoka apo msewu wa M3 umatsikira ku Liwonde, n'kuoloka Shire pa Kamuzu Barrage. Malo osungira nyama a Liwonde, amene bungwe la African Parks layang'anira kuyambira 2015, amaoneka bwino munthu ali pa boti: mvuu, ng'ona ndi njovu zimapezeka m'mbali mwa mtsinje m'mawa ndi madzulo, pamene masana zambiri zimabisala pamthunzi.

Ku Mangochi, tauni imene kale inkatchedwa Fort Johnston, ndiye pachipata cha nyanja. Kupitirira apo, msewu wokhota Monkey Bay isanafike umalowera ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, mkati mwa Lake Malawi National Park imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Pano ana amaona nsomba zamawangamawanga zikudya m'manja mwa munthu pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Pano ndi pamenenso amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Livingstonia yoyamba mu 1875, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero. Malungo anawasamutsira ku Bandawe mu 1881, kenako mu 1894 ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia ya lero, moti banja lopita kumpoto limakhala likutsata mapazi awo. Malungowo sanathe: kugona m'neti usiku uliwonse kunyanja ndi lamulo, ndipo madzi odikha a m'mabango apewedwe chifukwa cha likodzo.

Kuchoka ku Cape Maclear, msewu wa M10 umakalumikizana ndi M5 m'dera la Golomoti ndi Mua. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo pamenepo pali malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba zambirimbiri za gule wamkulu, ndi mafotokozedwe a miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira pa kubadwa mpaka pa imfa. Kwa mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Chilomoni, maola awiri a pano amamukonzekeretsa kumvetsa zimene akaone kwa agogo ake.

Kuchoka ku Salima kupita ku Nkhotakota ndi Dwangwa msewu ndi wopapatiza m'malo ena, ndipo milatho ina imadutsa galimoto imodzi basi. Ku Nkhotakota kuli mtengo umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, yemwe ankaolotsa akapolo panyanja, ndipo kumtunda kwake kuli nkhalango imene inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mpunga ndi nsomba zouma zogulidwa m'dera lino zimakhala mphatso yabwino kwa abale a kumtunda. Pambuyo pa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa pamabwera mchenga woyera wa ku Kande ndi Chintheche, tchalitchi chakale cha ku Bandawe, mitengo ya labala ya ku Vizara, ndi doko la Nkhata Bay kumene sitima ya Ilala imakocheza. Mtunda wa pakati pa Salima ndi Nkhata Bay ndi wa tsiku lathunthu paokha.

Ku Mzuzu ndi kodzaza thanki ndi kutapa ndalama. Kuyambira pano chilankhulo cha pamsewu ndi Chitumbuka, ndipo mlendo wodziwa kunena "Monire" ndi "Yewo" amalandiridwa ndi nkhope yowala. M1 imatsika chitunda cha Chiweta mokhotakhota, pamene giya yaing'ono ndiyo iyenera kugwira galimoto, osati mabuleki okha. Kuchokera ku Chitimba, msewu wa Gorodi umakwera phiri kupita ku Livingstonia ndi makona akuthwa pafupifupi 20 pa makilomita 15. Ndi wamiyala, wofuna galimoto yokwera ndi woyendetsa wodekha. Okhala ndi galimoto yaing'ono amadzera msewu wa ku Njakwa, kufupi ndi Rumphi. Pamwamba pali mathithi a Manchewe, tchalitchi chachikulu, ndi Stone House, nyumba ya mmishoni Dr Robert Laws imene tsopano imasunga zakale za mishoniyo.

Ulendo wobwerera ndi wautali kuposa mmene umaonekera anthu akatopa: makilomita pafupifupi 360 kuchoka ku Mzuzu kufika ku Lilongwe, ndi enanso oposa 300 kufika ku Blantyre. Uyenera kugawidwa masiku atatu, makamaka chifukwa chifunga cha ku Chikangawa chimachedwetsa onyamuka m'mawa. Otsala ndi mphamvu angaime ku Dedza kukaona zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, zimene UNESCO inazilemba mu 2006. Pofika apa buti imakhala itadzaza kale, pakuti wachibale aliyense woperekeza alendo amanyamula kanthu: thumba la ufa, mtedza, mbatata, nthochi, nkhuku yomanga miyendo. Kukana n'kosatheka, choncho gawo limodzi mwa magawo atatu a buti lisiyidwe lopanda kanthu kuyambira tsiku lonyamuka. Mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato za pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire a Mozambique, zimaonjezera kulemera. Galimoto yolemera imachedwa kuima ndipo matayala ake amatentha msanga, motero mpweya uyezedwenso ku Ntcheu, ndipo banja lichoke pa Lizulu isanakwane 1 koloko masana kuti liwoloke Shire pa Zalewa dzuwa likadalipo.