Zinthu 6 zodabwitsa za ngalande ya m'chigwa cha Shire

Ife a ku Kapata tinazolowera kuthirira madimba ndi chitini. Koma mukaoloka chipata cha Mwami, kudutsa Lilongwe ndi Blantyre, n'kutsetsereka mapiri kulowa ku Chikwawa, mukapeza ngalande imene ikusintha ulimi wa anzathu a ku Malawi. Kuyenda m'mbali mwake n'kuyenda m'mbiri.

1. Madzi ake amayenda okha. Ngalandeyi imapatuka pa damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo anaikonza kuti madzi azitsetsereka opanda injini yowakankha. Ikadzatha idzatalika makilomita opitirira 100 mpaka ku Bangula, n'kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje.

2. Maganizo ake ndi a m'nthawi ya atsamunda. Akatswiri analemba kale za kuthirira chigwachi m'zaka za m'ma 1950. Ntchito yeniyeni inakhazikitsidwa mu 2020, ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank. Agogo anangoimva, adzukulu ndiwo akuiona.

3. Ili ndi mpanda wotchinga nsomba. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira kuli mcheni, nsomba yolusa ya mano akuthwa imene imapezekanso m'Luangwa ndi m'Zambezi. Kuyambira kale mathithiwa ndiwo amailetsa kukwera kumtunda. Ngalande ikanatha kuitsegulira njira yolambalala, n'kukaopseza chambo ndi nsomba zina za m'nyanja ya Malawi. N'chifukwa chake amisiri anaika phompho loti madzi azigwa kuchokera pamwamba, nsomba n'kulephera kulumpha.

4. Imayambira pakati pa njovu. Gawo loyamba lili m'nkhalango yotetezedwa ya Majete, momwe muli njovu, mikango ndi zipembere. M'menemo munthu sayenda yekha, amatsogozedwa ndi alonda a nkhalango. Kunja kwa mpanda wa nkhalangoyi mumayenda pakati pa malambe ndi midzi, koma lawirani m'mamawa, poti dzuwa la Okutobala kuchigwa limaotcha mpaka kuphazi.

5. Mafumu ena a kumeneko anachokera kwathu. David Livingstone anafika pa mathithi a Kapichira mu 1859, sitima yake n'kulephera kupitirira. Amakololo amene anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, chakumadera a Sesheke, ena sanabwerere. Anakhazikika pakati pa Amang'anja n'kukhala mafumu, ndipo maina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima alipo mpaka lero. Mukaima pa gombe la ngalande, mwaima pa nthaka imene inalumikiza Zambia ndi Malawi malire asanalembedwe.

6. Madzi omwewo anaigumulapo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pamodzi ndi poyambira ngalande. Makina opanga magetsi a pa damupo anaima kwa nthawi yoposa chaka, dziko la Malawi n'kuvutika ndi mdima. Chigwa chomwechi, chimene makolo ake amapempha mvula ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, chimazunzika ndi chilala komanso kusefukira kwa madzi.

Alimi a ku Kapata, atsogoleri a makopaletivu ndi aphunzitsi, konzani ulendo mukadzionere nokha. Mukafika, yambani mwalonjera mafumu, mufunse alimi mmene akugawirana minda ndi madzi, ndipo mubwere ndi nzeru zotukulira madambo athu a ku Chipata.