Mneni wa Chingerezi wotumiza munthu kumudzi

Wophunzira Chingerezi pa Yunivesite ya Mzuzu, imene ili ku Luwinga ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1999, akamawerenga mabuku a mbiri yakale angathe kukumana ndi mneni wakuti "rusticate", amene samveka kawirikawiri m'zokambirana za tsiku ndi tsiku. Mneniyu anachokera ku mawu a Chilatini akuti "rus", otanthauza dera lakumidzi, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kupita kukakhala kumudzi, kutali ndi tawuni. Pa tanthauzo limeneli amakhala mneni wosayambukira, kutanthauza kuti safuna pamtherankhani, popeza mwininkhani amasankha yekha kupitako.

Tanthauzo lodziwika kwambiri linakula m'mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, kumene mneniyu amanena za kuimitsa wophunzira sukulu kwa kanthawi ngati chilango. Apa amakhala woyambukira, ndipo nthawi zambiri amaoneka mu msintho wochitidwa, chifukwa chiganizo chimatsindika za wolangidwayo. Chilangochi n'chosiyana ndi kuchotsedwa sukulu, pakuti woimitsidwa amaloledwa kubwerera nthawi yake ikatha, monga zinachitikira mlembi Oscar Wilde, amene anaimitsidwa pa Magdalen College ku Oxford mu 1877 chifukwa chochedwa kubwerera kuchokera ku Greece, koma anadzamaliza maphunziro ake chaka chotsatira.

Maboma a atsamunda anatengera mneniyu ku ndale, pomwe ankatanthauza kutumiza mtsogoleri kudera lakutali ndi kumuletsa kuchokako. Chitsanzo chapafupi ndi cha Kenneth Kaunda, amene boma la Northern Rhodesia linamutumiza ku Kabompo mu 1959 litaletsa chipani chake cha Zambia African National Congress. Amisiri a zomangamanga nawonso amagwiritsa ntchito mneniyu ponena za kusema miyala ya khoma mosasalaza, kuti nyumba ioneke yolimba.

Matanthauzo a chilangowa akhazikika pa ganizo lakuti maphunziro ndi mphamvu zili m'tawuni, ndipo kumudzi n'kotayirako munthu. Ku Malawi, kumene anthu ambiri amakhala m'midzi, wophunzira wa ku Luwinga akapita kwawo ku Rumphi kapena ku Mzimba amakhala akupita kwa makolo ndi abale ake, choncho womasulira mneniyu amene angalembe kuti munthu anabwerera kumudzi angataye chilango chonse chimene chili m'mawuwo. Kumasulira koyenera kuyenera kutchula kuimitsidwa sukulu, kapena kuthamangitsidwira kutali mokakamizidwa, malinga ndi nkhani imene ikufotokozedwa.