Sikelo ikakana kutsika, kodi vuto ndi chithokomiro?

Pa masiku a zaumoyo omwe timachita m'mipingo, tikamayeza anthu BP, shuga ndi kulemera kwa thupi, dandaulo lomwe silisowa ndi la sikelo. Munthu amati shuga anasiya, mafuta anachepetsa, nsima akudya mtanda umodzi, koma thupi lili pomwepo. Masiku ano ambiri amawonjezera kuti anawerenga pa foni kuti vuto ndi chithokomiro. Ena mwa iwo amakhala akunena zoona, koma ambiri ayi, ndipo kulakwitsa mbali iliyonse kumapweteka. Amene chithokomiro chake chafookadi amatha zaka akudziimba mlandu wosadziletsa. Amene chake chili bwinobwino amataya ndalama pa mankhwala omwe sakuwafunika.

Ambirife mawu akuti chithokomiro timawadziwa ngati dzina la chotupa cha pakhosi. Koma chiwalocho aliyense ali nacho. Chili kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, chimaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi magalamu 20. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, omwe amayenda m'magazi n'kumauza ziwalo liwiro logwirira ntchito.

Taganizani za mbaula. Mukatsegula kachitseko ka mphepo, makala amayaka mwamphamvu n'kutha msanga. Mukakatseka, moto umanyeka pang'onopang'ono. Thupi nalo limatentha chakudya usana ndi usiku kuti mtima ugunde, mapapo apume, ubongo uganize, ndiponso kuti lisazizire. Mphamvu yoposa theka ya yomwe timagwiritsa ntchito pa tsiku imathera pa ntchito zimenezi, ngakhale titangokhala pa mkeka osagwira khasu. Chithokomiro ndicho kachitseko ka mbaulayo.

Chikafooka, zonse zimayenda mochedwa. Munthu amadzuka ali wotopa ngakhale wagona usiku wonse, amavala juzi mu Okutobala anzake akutuluka thukuta, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, nkhope imatupikana, amaiwalaiwala. Amayi ena msambo umachuluka kapena kusokonekera, ndipo ena amavutika kutenga pakati. Vutoli limagwira amayi kwambiri kuposa abambo, makamaka akadutsa zaka 50, komanso ena m'chaka choyamba atabereka. Chifukwa chimodzi ndi kusowa kwa ayodini m'zakudya. China ndi matenda omwe chitetezo cha thupi chimaukira chithokomiro chenichenicho, omwe amadziwika ndi dzina la Hakaru Hashimoto, dokotala wa ku Japan yemwe anawafotokoza mu 1912.

Tsono apa ndi pomwe nkhani za pa foni zimakokomeza. Kunenepa kobwera ndi chithokomiro chofooka nthawi zambiri kumakhala kwa makilogalamu awiri mpaka asanu, ndipo mbali yaikulu amakhala madzi ndi mchere zomwe thupi lasunga. Munthu akayamba mankhwala, madziwo amachoka, sikelo imatsika pang'ono, kenako imaima. Amene wawonjezera makilogalamu 20 asayembekezere kuti piritsi lichotsa onsewo. Chomwe mankhwala amabweza ndi mphamvu. Mayi yemwe amalephera kufika pa chigayo osapuma amayambanso kuyenda mtunda, ndipo kuyambira pamenepo thupi lake limamvera zakudya ndi kuyenda monga la wina aliyense.

Palinso chithokomiro chothamanga mopyola muyeso. Munthu amaonda koma akudya kwambiri, mtima umagunda mothamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, tulo timasowa, ena maso amatong'oka. Anzake mwina amamuyamikira kuti wachepetsa thupi, osadziwa kuti mtima ukutopa. Kuonda kosadziwika chifukwa chake sikuyenera kusangalatsa munthu. Ku chipatala amayezanso TB, HIV ndi shuga, chifukwa nazonso zimaondetsa.

Zizindikiro zokha sizikwanira, pakuti kutopa kumabweranso ndi kuchepa kwa magazi, nkhawa kapena kusagona mokwanira. Yankho lili m'magazi. Amayeza homoni yotchedwa TSH, yochokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo komwe kamalamula chithokomiro. Chithokomiro chikamachita ulesi, TSH imakwera, ngati kapitawo yemwe akukweza mawu kwa antchito ogona. Chikamathamanga, TSH imatsika. Kuyeza kumeneku sikupezeka kawirikawiri pa zipatala zazing'ono za kumudzi, choncho fotokozani zizindikiro zonse kwa adokotala, muwapemphe kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu. Chotupa chilichonse cha pakhosi chikaonetsedwe, makamaka ngati chikukula, mawu asasa, kapena kumeza kukuvuta.

Mankhwala a chithokomiro chofooka ndi levothyroxine. Kapiritsi kameneka ndi T4 yemweyo amene thupi likulephera kupanga, ndipo ambiri amamwa moyo wawo wonse. Tikudziwa kuti m'mabanja athu ena mawu akuti "moyo wonse" amawawa. Timakonda njira zachilengedwe zisanu ndi zitatu zomwe Ellen White anazitchula m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, ndipo timaziphunzitsa ndi mtima wonse. Koma madzi, dzuwa ndi mpweya wabwino sizingapange homoni m'chiwalo chomwe chawonongeka, monga momwe sizingalowere m'malo mwa insulini. M'bale kapena mlongo amene akumwa mankhwalawa sanachepe chikhulupiriro, ndipo amene amamuuza kuti asiye n'kumamwa madzi a mandimu akumuika pa ngozi. Mbali inayo, kumwa levothyroxine wa mnzako pofuna kuonda kumasokoneza kagundidwe ka mtima ndi kufooketsa mafupa.

Kamwedwe kake kali ndi malamulo omwe akutikhudza ife kwambiri. Piritsi limamwedwa m'mawa ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu, ndipo kadzutsa amadikira mphindi 30 mpaka 60. Soya amachepetsa kulowa kwa mankhwalawa m'magazi, ndiye inu mukudziwa mmene timakondera phala la soya, mkaka wa soya ndi soya pisesi. Sitikuti musiye, koma atalikirane ndi piritsi, ndipo adokotala adziwe kuti mumadya soya pafupipafupi. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a kashiamu adikire maola anayi. Mlingo ukasinthidwa, magazi amayezedwanso pakatha masabata 6 mpaka 8. Mayi amene ali pa mankhwalawa akangozindikira kuti ndi woyembekezera akanene msanga, chifukwa mlingo nthawi zambiri umafunika kukwezedwa.

Nanga amene wayezedwa n'kupezeka kuti chithokomiro chili bwino? Mbaula yake nayo ili ndi khalidwe lake. Thupi likamanidwa chakudya kwa nthawi yaitali, limaona ngati kwagwa njala, limachepetsa T3 n'kuyamba kusunga mphamvu. Minofu nayo imatha, pamene minofuyo ndiyo imatentha chakudya chochuluka kuposa mafuta. N'chifukwa chake munthu wodzikhaulitsa kwa mwezi amabwerera pomwe anali akangoyambanso kudya. (Kusala kudya chifukwa cha pemphero ndi nkhani ina, sitikukamba zimenezo.) Kutsika theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro lokwanira. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba kapena nandolo, masamba odzaza theka la mbale, chakudya chamadzulo chopepuka, kugona maola 7 kapena 8, ndi kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata: zimenezi n'zosatchuka ngati matiyi oondetsa omwe amagulitsidwa pa WhatsApp, koma ambiri mwa matiyiwo amangotsegula m'mimba, ndipo chomwe chimachoka ndi madzi.

Titsirize ndi mchere, chifukwa apa mabanja athu ayenera kusamala kuposa ena. Chithokomiro sichingapange mahomoni popanda ayodini. Munthu wamkulu amafunika mayikulogalamu 150 pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250, malinga ndi bungwe la WHO. Ndi kochepa kwambiri, moti sipuni yaing'ono imodzi ingamukwanire munthu moyo wake wonse, koma kakasowa chithokomiro chimatupa, ndipo ubongo wa mwana ali m'mimba sukula bwino. Ayodini wochuluka amapezeka mu nsomba za m'nyanja ya mchere, mkaka ndi mazira. Chambo ndi usipa, pokhala za m'madzi opanda mchere, zili ndi wochepa. Choncho banja lomwe linasiya nsomba, mkaka ndi mazira likudalira kwambiri mchere wothira ayodini, womwe lamulo la dziko lino limafuna kuti ndiwo uzigulitsidwa.

Werengani paketi musanagule. Mchere wodula wapinki womwe ena akuutama kuti ndi wachilengedwe nthawi zambiri sathiramo ayodini, ndipo wa pa mulu wokhala padzuwa ku msika sungadziwike. Izi sizikutanthauza kuti tizithira wambiri, chifukwa muyeso udakali wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, sipuni yaing'ono imodzi, poopa BP. Kabichi wophika musamuope. Kumadera a kondowole monga Nkhata Bay ndi Nkhotakota, chinangwa chowawa chivikidwe mpaka chifewe ndipo chiume bwino, chifukwa chosakonzedwa mokwanira chimalepheretsa chithokomiro kutenga ayodini. Mcherewo muusunge m'botolo lotseka, pamalo ouma, kutali ndi mafuwa, pakuti chinyezi ndi kutentha zimauluza ayodini.