GALIMOTO YA MAGETSI IFUNA KHOLA LACE

Abale anga a ku migodi, ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa platinum kufupi ndi Rustenburg, ndipo pa zenera langa pamafika nkhani zambiri zosakhudza nchito. Mwezi wathawu anadza amalume anga, amene akhala pansi pa mgodi zaka 19, nandinong'oneza kuti afuna kutenga ndarama zonse zimene anasunga, agule galimoto ya magetsi yoyendapo kale. Anati, "Mphwanga, iwe unaphunzira masamu ku mishoni. Tandiwerengera ngati ndipindula." Tsono zimene ndinapeza ndiri kuzilemba pano, cifukwa ndidziwa kuti si iwo okha amene ali ndi maganizo otere.

Tiyambe ndi cokoma. Galimoto yaing'ono ya magetsi imadya mayunitsi ngati 15 pa ulendo wa makilomita 100. Tinene kuti yuniti imodzi mugula R3.50, ndiye kuti ulendowo watha R52.50, muonjezepo pang'ono cifukwa magetsi ena amatayika pochaja. Galimoto ya petulo yofanana nayo imamwa malita 7, ndipo m'caka ca 2025 lita imodzi inali pamwamba pa R20, ndiye kuti R140 kapena kuposa. Amalume atamva izi anaomba m'manja. Ine ndinati, "Dikirani, amalume, sitinafike pa khola."

Pakuti galimoto imeneyi idyera pamene igona. Soketi ya m'nyumba ipereka magetsi pang'ono-pang'ono: cingwe cimene cidza ndi galimoto kawiri-kawiri cimakoka maampi 10, ndiwo mayunitsi 2.3 pa ora limodzi. Batire la BYD Atto 3 yaikuru lilowa mayunitsi 60, motero litatheratu lifuna maora 26 pa soketi yotere. Musaope msanga ai. Munthu woyenda makilomita 40 pa tsiku adya mayunitsi 6 okha, ndipo maora 3 akwanira kubweza. Wofuna msanga agula bokosi lokhoma pa khoma, lopereka mayunitsi 7 pa ora, lodzaza batire lija usiku umodzi. Koma bokosilo likoka maampi 32, lifuna waya wace-wace wocokera ku bolodi, ndipo woliika ayenera kukhala mmisiri wolembedwa ndi boma, wopereka kalata yotsimikiza kuti nchitoyo iri bwino. Bokosi ndi mmisiri zonse ndi ndarama zimene wogulitsa galimoto sachula.

Apa ndi pamene nkhani ya amalume inabvuta. Iwo acita lendi cipinda ca kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo mita ya pamenepo ndi ya maampi 20, yodyera mabanja atatu. Bokosi la maampi 32 silingakhalepo konse. Ngakhale cingwe caching'ono cija, mai wa nyumba akayatsa mbaula, wina ketulo, magetsi onse athima. Nanga mayunitsi agawana bwanji? Lero akangana kale cifukwa ca simbi yositira. Ndiponso m'matauni ambiri mtengo wa yuniti ukwera pamene mugula ambiri m'mwezi womwewo, cotero galimoto ya munthu mmodzi ikweza mtengo kwa onse a pa bwalo.

Amalume anati adzakoka cingwe cacitali kucokera pa zenera. Ndinawauza zimene ndinaona ndi maso anga kwa bwana wina wa pa mgodi pano. Iye anachaja ndi cingwe cotsika mtengo cosakunyulula pa mkombero wace, ndipo m'mawa anapeza pulagi itasungunuka, khoma litada. Anapulumuka mwa mwai. Ketulo ikoka magetsi mphindi zocepa, koma galimoto ikoka usiku wonse, ndipo waya woonda atentha.

Za kuthima kwa magetsi sindinena zambiri, mudziwa nokha. Eskom inayamba kuthimitsa mosinthana mu 2007, mu 2023 kunali pafupi-fupi tsiku liri lonse, ndipo kunacepa kwambiri kuyambira March 2024. Kwathu kumudzi waya wa ESCOM sanafike n'komwe, ndipo amalume akamaliza nchito afuna kupita ndi galimoto yao kumeneko.

Palinso magalimoto a mbali ziwiri, a petulo ndi batire. Ena ali ndi pulagi, batire lao n'locepa, soketi wamba iwakwanira usiku umodzi. Ena alibe pulagi konse, monga Toyota Corolla Cross imene anayamba kuipanga ku Prospecton, Durban, mu 2021. Batire lace lidzazidwa ndi injini ndi mabuleki. Kwa munthu wa lendi ine ndiona kuti imeneyi ndiyo yoyenera. Koma ndiulule: platinum amene tikumba pano, wambiri apita m'mipope ya utsi ya magalimoto kukayeretsa utsiwo. Galimoto ya magetsi okha iribe mpope wa utsi, pamene ya mbali ziwiri iri nao. Tsono uphungu wanga muuyese nokha, cifukwa malipiro anga ali momwemo.

Amalume sanagule. Ndarama zao ziri ku banki, koma mtima sunagwe. Loweruka lino ati apita kwa mwini nyumba kukafunsa ngati angalole mita yaciwiri, ndipo andiuza kuti ndipite nao ndi pensulo yanga.