Mmene tingasanthulire ndakatulo zokamba nkhani

Ophunzira ambiri akamva mawu akuti ballad amaganiza za ndakatulo za ku Ulaya zokha. Komatu mtundu umenewu, womwe ndi ndakatulo kapena nyimbo yofotokoza nkhani, si wachilendo kwa anthu a ku Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre.

M'Chingerezi, ndime ya ballad kawirikawiri imakhala ndi mizere inayi. Mzere woyamba ndi wachitatu umatsindika mawu kanayi, pomwe wachiwiri ndi wachinayi umatsindika katatu ndipo umathera pa mawu omveka mofanana. Katswiri wa ku America, Francis James Child, adasonkhanitsa ndakatulo zotere 305 za ku England ndi Scotland, zomwe zidasindikizidwa pakati pa 1882 ndi 1898.

Wophunzira amene angatenge muyeso umenewu n'kuuika pa Chichewa adzasokera. M'chiyankhulo chathu muli malembo a liwu asanu okha ndipo phatikizo lililonse la mawu enieni a Chichewa limathera pa limodzi mwa iwo, kupatula "m" wodziimira payekha monga wa mu "mtengo". Choncho mizere imatha mofanana ngakhale mlakatuli asanakonze, ndipo kutero si umboni wa luso.

Luso limaonekera kwina. Poyamba pali mgwirizano wa mayina ndi mawu otsatira, monga mu chiganizo chakuti "chingwe changa chachitali chaduka", momwe liwu la "ch" likumveka kasanu. Kachiwiri, phatikizo lotsatizana ndi lomaliza pa mzere limatalika, ndipo apa ndi pomwe khutu limamva kuti mzere watha. Wosanthula awerenge maphatikizo: chitsanzo chili pamwambachi chili ndi 11.

Palinso chibwereza. Mu nthano, wokamba amayambitsa nyimbo ndipo omvera amavomera mawu omwewo nkhani ikafika pamavuto, monganso momwe amayankhira kuti "tili tonse". Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: chasintha n'chiyani pakati pa kubwereza koyamba ndi kotsatira? Mawu a mvekero monga "phwa" kapena "zii" nawonso amafupikitsa zomwe zikadafuna mzere wathunthu.

Zitsanzo zili pafupi. Mudzi wa Singano ku Chileka ndi kwawo kwa Daniel Kachamba (1947-1987) ndi mng'ono wake Donald, omwe nyimbo zawo adayamba kuzijambula ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967. Kuderali n'komwenso kudachokera Evison Matafale, yemwe adayambitsa gulu la Black Missionaries ndipo adamwalira mu 2001.

Wofuna kuzolowera kusanthula asankhe nyimbo ya oyimbawa yomwe ikukamba nkhani, alembe mawu ake mzere ndi mzere, apeze woyankhula, kenaka aonetse ntchito yomwe chipangizo chilichonse chikugwira pa uthengawo. Kungotchula dzina la chipangizo popanda kufotokoza ntchito yake sikukwanira pa mayeso a MSCE.