Mneni "Kuchulukitsa" pa Masamu a Magawo

Mu 1974 akuluakulu a maphunziro ku South Africa adalamula kuti ana akuda aziphunzira masamu m'Chiafrikaans, ndipo mu 1976 ophunzira a ku Soweto, mu mzinda wa Johannesburg, adaukira lamuloli. Nkhani ya chiyankhulo chophunzitsira masamu siidathere pomwepo: Jill Adler wa pa Yunivesite ya Witwatersrand adailembera buku mu 2001.

Nacho Chicheŵa chili ndi vuto lakelake pankhaniyi. Mneni "kuchulukitsa" amalonjeza kuti chinthu chikula. Komatu 2/3 × 3/4 amatipatsa 6/12. Tsono 6 amaloŵa m'nambala yapamwamba kamodzi, m'yapansi kaŵiri, choncho timatsala ndi 1/2. Thekali nlochepa kuposa 2/3, nlochepanso kuposa 3/4. Mwana wokhulupirira mneniyo amayesa walakwitsa.

Chotithandiza ndi kaliwu ka umwini "-a". Tikati "magawo aŵiri mwa atatu a magawo atatu mwa anayi", mwana amamva kuti akutapa gawo m'gawo linzake, ndipo sadabwa yankho likachepa. Olemba mabuku a masamu ayenera kuyamba ndi kanenedwe kameneka asanatchule za kuchulukitsa.