Chifukwa Chiyani Malata Amatentha Masana ndi Kuzizira M'mamawa?

M'maparishi a Nambuma, Mtengowanthenga ndi Mpherere, akhristu amasonkha ndalama za fodya ndi soya kuti afolere matchalitchi awo ndi malata. Ichi ndi chitukuko chotamandika. Komabe ambiri amadandaula kuti nyumba yatsopanoyo imasanduka ng'anjo mu Okutobala, pamene mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, anthu amanjenjemera m'menemo. Pansi pa denga la udzu sizinkatero. Tiyeni tione chifukwa chake.

Malata ndi chitsulo chopyapyala chimene amachikuta ndi zinki kuti chisachite dzimbiri. Chitsulo chimadutsitsa kutentha mofulumira, kuposa ka 50 poyerekeza ndi njerwa yootcha. Dzuwa likawomba pamwamba, kutentha kumafika pansi pa lata nthawi yomweyo. Usiku chitsulocho chimataya kutenthako msanga, ndipo chikazizira, chinyezi cha m'nyumba chimaundana pansi pake n'kumadontha ngati mame.

Udzu ndi wosiyana. M'kati mwa mapesi ake ndi pakati pa mitolo mumakhala mpweya wosayenda, ndipo mpweya wotere umadutsitsa kutentha pang'ono kwambiri: chitsulo chimauposa pafupifupi ka 2,000. Bulangete nalo limatifunditsa mwa njira yomweyi.

Chinanso, chitsulo chikatentha chimafutukuka. Lata la mamita 3 likatentha ndi madigiri 40 limatalika pafupifupi milimita imodzi ndi theka. N'chifukwa chake denga limalira kuti thethethe masana, ndipo pakapita zaka mabowo a misomali amakula n'kuyamba kudontha.

Sitikunena kuti tibwerere ku udzu, umene umapsa ndi moto ndiponso umafuna kufoleranso kawirikawiri. Koma makomiti omanga akumbukire izi. Aike siling'i, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, kuti pakati pa malata ndi anthu pakhale mpweya. Akweze zipupa ndi kusiya timipata pamwamba, poti mpweya wotentha umakwera. Akapeza ndalama, apake utoto woyera pamwamba pa denga, pakuti woyera umabweza dzuwa pamene wakuda umalimwa.

Akatekisiti, kambiranani zimenezi m'miphakati mmisiri asanakhome msomali woyamba. Kukonza denga litatha kale kumadya ndalama zambiri kuposa kulimanga bwino poyamba.